Nsapato za Gogoda Zikubwerera

Iztapalapa, Mexico
9 Febuluwale 2019

Okondedwa bambo ake a Itzel,

Sindinati "mwana wanga", ndipo si kuiwala ayi. Akundilembera ndi mlembi wa pa tayipi pa bwalo la Santo Domingo mumzinda muno, ndipo ndamuuza kuti asathiremo shuga.

Nsapato za gogoda zomwe munatumiza kuchokera ku Houston zafika, pamodzi ndi mawu anu. Mukuti mudzabwera kudzamuveka Itzel nsapatozo, monga bambo amachitira pa mwambo wathu, pa phwando lake la zaka khumi ndi zisanu pokhapokha akane timu ya dziko imene yamuitana. Mukuti masewera ake a hoke ya pa ayezi adzamugulula mano, ndiponso atsikana athu amangokwera ndege kukagonja kunja.

Fidencio, munachoka mwanayu asanamere dzino ndi limodzi lomwe. Lero mano akewo akukusowetsani tulo?

Kugonja agonjapo, sindikana. Koma akagonja amabwerera kwawo. Ena anapita kukapambana, mpaka lero sitinawaone.

Malamulo a masewerawa sindiwadziwa. Ine ndakalamba ndikupala ayezi pamsewu, kuthira madzi a bwemba n'kumagulitsa, kuti inu mudye. Koma tsiku limene ndinaona mdzukulu wanga akuuluka pa ayezi yemweyo ndi nsapato zokhala ndi mipeni kunsi, dzina langa lili kumsana kwake, ndinaimirira mpaka akumbuyo anandikalipira.

Nsapato zanuzo anaziyesa. Amayi anu anaseka mpaka misozi. "Iwe, pa mipeni umathamanga, koma apa ukuyenda ngati nkhukundembo yoledzera!" Naye anaseka. Atavula anandifunsa motsitsa mawu, "Agogo, ndikakana timu, abweradi?"

Ndinati, "Pa ubatizo wako anati abwera. Pa mgonero wako woyamba anatinso abwera. Ukawafunse amene anadya nkhuku yawo."

Sanalire pamaso panga. Zimenezo sindidzakukhululukirani.

Tsono imvani. Ku timu apita. Paphwandopo, oimba akadzati bambo abwere kutsogolo, ndidzagwada ndine, ndi mawondo anga ovundawa, n'kumumanga nsapato zake za mipeni anthu onse akuona. Ngati padzafunike amuna awiri ondidzutsa, adzandidzutse. Za gogodazo zikubwerera m'bokosi lake lomwelo. Muveke amene mukukhala naye kumeneko.

Amayi anu a Eufrosina ali pano, akundikoka malaya. Akuti ndinene kuti mpando wanu patebulo lakutsogolo ulipo. Ine ndakana, koma mlembiyu walemba kale, ndipo akuti tayipi sifufutika.

Moni wochokera kwa ine palibe. Itzel ndinamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati, "Muwauze tsiku lokha, Agogo."

Ndi Loweruka, pa 16 Malichi.

Ndine amene ndalera mwana wanu,
Nicanor Tlapale