Ndinalola kutchedwa wachimasomaso

Aphungu,

Ndine mwamuna wa zaka 31, ndimakonza mafoni. Ndinabadwa ndi vuto la chikhodzodzo. Anandichita maopaleshoni atatu ndili mwana, ndipo mpaka lero ndimataya madzi kudzera m'kapaipi, maola anayi alionse. Mayi ankakonda kunena kuti, "Izi n'zathu, zisatuluke pakhomo." Ndinamvera mopitirira muyezo.

Ndakhala pa chibwenzi zaka ziwiri ndi mtsikana wina wosoka zovala moyang'anana ndi shopu yanga. Ankandiona ndikunyamula kachikwama kobisamo timapaipi tanga, kulowa m'chimbudzi, kukhoma, n'kukhalitsamo. Akayamba za ukwati ndinkazemba, poopa kuti adzaona zipsera za pamimba panga. Komanso sindikudziwa ngati za m'banja ndingazithe.

Mwezi watha anandifunsa kuti, "M'kachikwamamo muli foni ina eti? Ndani ameneyo?" Ine n'kupusa kwanga ndinati, "Ganiza zomwe ukuganizazo." Ndinaona ngati kutchedwa wachimasomaso n'kopepuka kusiyana n'kutchedwa wodwala. Anavula mphete yachibwenzi imene ndinamupatsa n'kuisiya patebulo, pakati pa mabatire akutha.

Pano ndimamuona tsiku lililonse akupalasa makina, wawonda, sayang'ananso kuno. Mtima ukundiwawa, Aphungu. Ndinamulizitsa ndi mkazi woti kulibe. Nditani?

D.W., m'tauni

Achimwene,

Anzanu amakana milandu yoti apalamuladi, inu mwavomera wongopeka. Mayi anu ankakutetezani kwa ana onyoza a kusukulu. Sanatanthauze kuti mudzabisire munthu amene mukufuna kumanga naye banja.

Yambani n'kupita kwa dokotala woona za chikhodzodzo. Mufunseni mosapita m'mbali za kugonana ndi za kubereka. Pali anthu obadwa ngati inu amene ali pabanja bwinobwino, ndipo pamene pali vuto thandizo limatha kupezeka. Muli kudzigamula nokha musanafunse n'komwe. Mupemphenso akulozereni phungu wokamba naye, chifukwa manyazi a zaka 31 satha tsiku limodzi.

Kenaka pemphani mtsikanayo mukumane poduka mphepo, osati pakhomo pa shopu. Pepesani kaye za bodzalo, ndiyeno tsegulani kachikwamako aone yekha. Musazengereze, pakadafunda padajiwitsa galu.

Koma chenjezo langa nali. Musapite ndi mphete m'thumba, ndipo musamuumirize kuyankha pompo. Akhoza kukwiya kwambiri kuti simunamukhulupirire, akhozanso kukana, ndipo ndi ufulu wake. Pakali pano mwana wa eniyo akusoka uku akudzifunsa kuti mkazi winayo akumuposa chiyani. Abwerere kapena asabwerere, funso limenelo mukamuchotsere ndinu.

Aphungu