Nsalu ya Brigid Yatsala Kachidutswa

Bristol, 26 Januwale 1998

Achemwali anga a Nuala,

Muli bwanji kumeneko? Nanga Amayi, bondo lija likuwalola kupita ku Misa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pamene ndinachotsa nsalu yofiira ya Amayi pachitsamba n'kupukutira galu? Unali m'mawa wa tsiku la Brigid Woyera, pa 1 Febuluwale, nsaluyo ikadali ndi mame. Amayi sanandimenye. Anangonena kuti imagona panja kamodzi pachaka kuti Brigid aikhudze podutsa, ndipo chaka chilichonse mphamvu yake imawonjezereka. Anati ndi imene anaifumbata pobereka inu ndi ine. Ndayambira kutali chonchi chifukwa ndikuopa kufika pa nkhani yeniyeni.

Kalata yanu ndinalandira, yoti ndibweze nsaluyo mwana wanu Sorcha asanachire mwezi wamawa, poti ulendo woyamba uja anapita padera. Achemwali, nsaluyo yadulidwa.

Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikusonkhana ndi gulu lina kuno. Sindinakuuzeni poopa kuti munena kuti digiri yandizunguza mutu. Iwo amati Brigid anali mulungu wamkazi, mayi wa moto ndi zitsime, ansembe asanamutche woyera. Timaimba ng'oma titatsinzina, ndipo anzanga amati amakumana ndi makolo awo, ena ndi agwape oyankhula. Ine sindinaonepo kanthu koma mdima, ndipo ndinkati vuto ndi ine.

Tsiku lina ndinawafotokozera za nsalu imene Amayi anandibwereka kuti indichize mutu unkandiwawa uja. Kanali koyamba kuti onse andiyang'ane ngati munthu wodziwa kanthu. Mtsogoleri wathu Morwenna, amene pakati pa sabata ndi dokotala wa mano, anapempha kuti aitenge ku mwambo wa Lamlungu pachitsime. Ndinamupatsa ndi manja awiri. Sindinafunse kuti akachita nayo chiyani.

Dzulo basi inachedwa, ndipo ndinafika masana mwambo utatha. Mtengo waminga wapachitsimepo unali psuu ndi tinsanza. Poyamba ndinaona kuti n'zokongola. Kenako ndinazindikira mpendero umene Amayi anasoka ndi ulusi wobiriwira.

Mwambo wawo ndi uja wa tinsanza: umaviika m'chitsime, n'kupukuta powawa, n'kumangirira pamtengo, ndipo kansanza kakamaola matenda nawo amatha. Morwenna anaidula ndi sizasi, anthu khumi ndi asanu ndi awiri n'kugawana. Anandikumbatira akumwetulira, akuti nsalu yagona m'kabati zaka makumi anayi, lero ndiye yagwira ntchito. Ndinamuuza kuti yathuyi sitiisiya kuti iole, timasunga. Anagwira pakamwa. Bambo wina wachikulire, Gwilym, anandikalipira kuti, “Iwe mnyamata wa ku Ireland, ukanayankhula! Pakamwa pakopo ndi pomwera tiyi basi?” Sanalakwitse.

Ndinapita pamtengopo kuti ndimasule zonse tidzazilumikize. Dzanja linakana. Mukudziwa zimene timanena kwathu, kuti womasula kansanza ka mnzake amatenga ndi matenda ake omwe. Kamodzi kanamangidwa ndi mayi wodwala khansa, ndipo anali chiimire pambali panga. Ineyo amene ndimati sindikhulupirira zimenezi, ndinalephera kuganiza zoika nsalu yotere m'manja mwa Sorcha. Mpaka pano sindikudziwa ngati ndinachita mwanzeru kapena mwamantha.

Mudengu munatsala kachidutswa kamodzi, kamene anandisungira ine. Sikanaviikidwe, sikanakhudze wodwala aliyense. Kutalika kwake n'ngati chikhatho.

Madzi akatayika saoleka. Pempho langa ndi limodzi: muwawerengere Amayi kalatayi yonse, osadumpha mzere, ndipo musawanamize kuti nsalu inasowa ku positi. Iwo ndi amene angadziwe ngati kachidutswa kamasunga mphamvu ya zaka zonse zija. Akavomera, kagone pachitsamba Loweruka likudzali, usiku wofikira tsiku la Brigid, kenako Sorcha akafumbate tsiku lake lochira. Akakana, mundiuze mmene anenera, ngakhale mawu ake akhale owawa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Cathal, kwa Sorcha ndi amuna ake, ndi kwa azakhali a Gobnait. Kwa Amayi musapereke moni wanga asanamve nkhaniyi.

Ndine mlongo wanu,
Fiachra

Msuweni wathu Tadhg waima panja ndi lole yake, akuthamangira sitima yowolokera kwathu, ndipo akundikuwira kuti kodi ndikulemba Baibulo. Ndaika kachidutswako pakati pa mapepalawa, ndawapinda kanayi. Ndikumupatsa m'manja, ndipo ndimuuza kuti asaike m'thumba la fodya.