Injini Imene Munkaipukusa Loweruka

Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine ndili bwino, kungoti zala zanga zada bii ndi oyilo. Mukaona madontho papepalali musandikalipire, ndasamba kawiri ndi sopo wochapira koma sizikuyera. Chifukwa chake ndikuuzani, khalani pansi kaye.

Ndiyambe ndi zokoma. Alamu anga, akazi a achimwene Dalitso, adachira mwezi wa Malichi, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Esitere. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akakwiya amakwinya nkhope monga munkachitira inu kasitomala akabwera ndi nsalu ya mamita awiri n'kumafuna diresi, duku ndi lamba womwe. Kamunda kathu ka kuseri kwa Chipasula katipatsa chimanga chotifikitsa Disembala, ngati anankafumbwe atichitire ulemu. Makina anu osokera ndikuwagwiritsa ntchito. Makasitomala anu ena atsala, ena athawa, akuti kolala yanga siikhala ngati yanu. Sakunama.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Ndili ndi mlandu kwa inu, Amayi.

Tsiku lija kuchipatala mudandigwira dzanja n'kunena kuti, "Agnesi, galimoto ya abambo ako uziipukusa Loweruka lililonse." Ndidavomera. Wodwala ndani angamukanize? Koma mumtima ndinkati ndi matenda akuyankhula. Kunena zoona, ife ana anu tinkakusekani. Pikapu yakalekale, yopangidwa ine ndisanabadwe, yokhala panjerwa m'galaja chimwalirireni abambo, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Koma inu Loweruka lililonse m'mawa, tiyi musanamwe, kutsegula boneti, kumasula mapulagi, kudontheza mafuta a makina osokera m'mabowo mwake, kulowetsa handulo kutsogolo n'kupukusa kakhumi. Zaka zisanu ndi zinayi! Anthu a muno mu Area 23 ankanong'onezana kuti a Nabanda chisoni chawasokoneza mutu. Inu munkangoti, "Makina onse ndi pachibale. Ukawasiya osawagwira amanyanyala."

Ine sindidaipukuse, Amayi, ngakhale kamodzi. Loweruka loyamba nyumba inali yodzaza ndi anamfedwa. Lachiwiri kunali alendo. Kenako ndinkangoti mlungu wamawa. Komanso ndisabise, ndinkaopa kulowa m'galajamo, chifukwa chitenje chanu chogwirira ntchito chidakali pamsomali paja mudachipachika. Chaka chidatha, n'kuonjezera miyezi inayi.

Mwezi wathawu achimwene adabwera ndi maganizo. Banja lakula, kachipinda ka lendi ku Kauma kawachepera, ndiye akufuna galaja isanduke chipinda chawo. Sindiwadzudzula. Koma masiku ano kuli anthu akuyenda ndi lole m'makwalala muno kugula zitsulo zakutha, amazidula ndi moto n'kuziika pasikelo, ndipo achimwene anali atayankhula nawo kale.

"Agi, tisanamizane," adatero. "Ine minibasi ndimayendetsa tsiku ndi tsiku, injini yakufa ndimaidziwa. Iyi idapita kalekale."

Ndidathamanga kukatenga handulo kuti ndiwachititse manyazi. Ndidailowetsa, n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse. Gwa! Osasuntha n'pang'ono pomwe. Achimwene nawo adayesa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, koma ayi ndithu. Ndidakhala pansi n'kulira, Amayi, chifukwa ndidaona kuti chimene inu mudachisunga chamoyo zaka zonsezo, ine ndachipha ndi ulesi.

Mawa lake ine ndi achimwene tidakwera minibasi kupita ku Kawale kwa a Mbewe, makaniko aja ankagwira ntchito ndi abambo. Akalamba, mano atsala owerengeka, koma pakamwa mpomwe paja. Adati, "Mwananga, injini ili m'katimo sitingadziwe. Ituluke, tiione ili payokha. Ikakana kuzungulira ili panja, ndiye kuti mapisitoni agwirana ndi dzimbiri, ndipo zipangizo za galimoto imeneyo simungazipeze ngakhale mutafika ku Joni." Choncho tidapangana ndi achimwene pamaso pawo. Ikazungulira, galimoto ikhala ndipo tiikonza. Ikakana, a zitsulo abwere Lolemba lotsatira.

Dzulo, Loweruka, a Mbewe anafika m'mamawa atamangirira tcheni chokwezera injini panjinga. Anayang'ana mtanda wa denga la galaja, anaubaya ndi sikuludiraiva, ndipo ufa unangoti waa kuwathira kumaso. Chiswe chadya mkati monse. "Apa mukakolekapo injini, maliro akhala awiri," anatero. Ndiye achimwene anakwera pamwamba n'kuchotsa malata awiri. Tinaimika mitengo itatu ya bulugamu yotulukira kudenga, n'kuimanga pamodzi kunsonga, tcheni n'kulendewera pakati. Dzuwa linalowa m'galajamo koyamba chiimangireni abambo.

Ine ndinavala ovololo ya abambo, yopinda miyendo katatu. Azimayi oyandikana nawo anaunjikana pampanda ngati kwabwera zisudzo. Wina anafuula kuti, "Atelala, lero mukusoka galimoto?" Ndinamuyankha kuti abwere ndimuyeze m'chiuno ndi sipanala.

Titatsegula boneti, a Mbewe anatambasula dzanja kuti azule mawaya a mapulagi, kenako anaima. "Izi wamanga ndani?" Pawaya aliyense panali kansalu kobiriwira, Amayi, zotsala za yunifolomu yanga ya ku pulaimale. Koyamba kanali ndi mfundo imodzi, kachiwiri ziwiri, kachitatu zitatu, kachinayi zinayi. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Munkaopa kusokoneza mawaya mukamabwezera, ndiye mudawaika zizindikiro monga munkachitira ndi nsalu za makasitomala. A Mbewe anavula chipewa. Anati anyamata ambiri amene awaphunzitsa ntchito, nzeru imeneyi alibe.

Basi ine ndinathamangira m'nyumba kukatenga thumba lanu la tizigamba. Waya aliyense ndi paipi iliyonse imene a Mbewe ankamasula, ine ndinkamanga kansalu uku, kansalu ka mtundu womwewo uko kumene yachoka. Mabawuti ndinkawaika m'zitini zanu za mabatani, a malo amodzi m'chitini chimodzi. Pofika masana m'bonetimo munali ngati mwachitikira ukwati. Achimwene anaseka, koma ndi iwo omwe anayamba kundiitana kuti, "Agi, bweretsa yofiira apa."

Tinakhetsa madzi ndi oyilo, tinachotsa radiyeta, ndipo a Mbewe anagona chagada pansi pa galimoto kumasula mabawuti olumikiza injini ndi giyabokosi. Limodzi linakanirira pafupifupi ola lathunthu. Mawu amene analilankhulira bawuti limenelo sindingawalembe kwa inu, munthu wa mpingo. Litagonja, tinazunguliza tcheni painjini, achimwene n'kuyamba kukoka. Anakoka mwaphuma monga mukuwadziwira, mitengo ija n'kulira kwee, injini n'kupendekeka kufuna kumenya galasi. A Mbewe anakuwa, "Pang'onopang'ono, Dalitso! Si minibasi iyi, palibe akukupikisa pasiteji!" Ine ndinaikumbatira ndi manja awiri kuti isagwedezeke, mpaka inakwera bwinobwino n'kusiyana ndi giyabokosi.

Pamenepo mpamene zinthu zinayamba kukhuthuka. Kuseri kwa injini, m'chibowo chimene imakumana ndi giyabokosi, munatuluka zitsononkho, makoko a mtedza, dothi louma ngati simenti, ndi tinsalu tanu tambirimbiri. Makoswe, Amayi! Chisiyireni inu kupukusa, adaona kuti pamalo pali bata, adamangamo mudzi. Adapanikiza zinthu m'mano a chigudumu chachikulu cha kuseri kwa injini mpaka kuchitseka. A Mbewe anakolokosa ndi waya, tinadzaza ndowa theka. Koma anatichenjeza kuti tisasangalale msanga, chifukwa makoswe kukhalamo sikutanthauza kuti mapisitoni ali moyo.

Tinaitsitsa injini n'kuikhazika patayala lakale. A Mbewe anamasula mapulagi onse anayi, anakoleka sipanala yaikulu pabawuti la kutsogolo, kenako anabwerera m'mbuyo. "Pukusa ndiwe," anandiuza. "Ntchitoyi adasiyira iwe."

Ndinagwira sipanala ija. Ndinakankha, osayenda. Ndinayang'ana achimwene, iwo anayang'ana pansi. Ndinapukuta manja paovololo, ndinati mumtima, Amayi ndikhululukireni, n'kutsamira ndi thupi lonse. Inati tcha, kenako inatsetsereka. Inazungulira, Amayi! Inazungulira mofewa ngati gudumu la makina anu, ndipo m'mabowo a mapulagi munatuluka mpweya, fuu, fuu, kundiwomba kumaso. Mpweyawo unali ndi fungo la mafuta a makina osokera. Fungo la manja anu. Chaka ndi miyezi inayi ndakhala ndikulifunafuna m'nyumba muno, osadziwa kuti mudalitsekera m'menemo.

Ndinapukusa kakhumi, monga inu, ndikulira ngati mwana. A Mbewe anaunika m'mabowomo ndi tochi n'kunena kuti m'kati mukuwala, dzimbiri silidapeze pogwira. Akuti mafuta mudathira ochuluka kwambiri moti adakwanira ndi chaka changa chaulesi chomwe.

Achimwene anatuluka panja, anatulutsa kafoni kawo kam'manja kaja amakanyadira, ndipo ndinawamva akuti, "Alo? Lolemba lija musabwere. Eya, sitikugulitsa. Ayi bwana, si nkhani ya mtengo. Galimotoyi si yanga, ndi ya amayi." Pobwerera maso anali ofiira, akuti ndi fumbi la chiswe.

Ntchito idakalipo yambiri. Kulibe matayala, kulibe batire, mabuleki adauma, ndipo a Mbewe akuti tiwerengere miyezi, osati milungu. Achimwene avomera kupirira ku Kauma mpaka galimoto idzatuluke m'galaja ndi miyendo yake. Ikadzatuluka, chipinda n'chawo, ndipo Esitere wamng'ono adzakulira pakhomo panu. Pakali pano injini ili patayala paja, ndaifunditsa chitenje chanu chija. Ndachichotsa pamsomali tsopano.

Abambo muwauze kuti galimoto yawo ili moyo, ndipo muwauzenso amene adaisunga, chifukwa inu ndimakudziwani, simudzitama. Pamanda anu kumudzi sitidamangebe chiliza, ndipo zimandipweteka. Sitidzachita hayala lole ya munthu. Simenti ndi njerwa zidzabwera pa pikapu yomweyi, achimwene akuyendetsa pang'onopang'ono, ine ndili pambali ndi mdzukulu wanu pamiyendo. Mukadzamva hutala kumsewu wa kumanda, musadzafunse kuti ndani.

Kufikira tsiku limenelo, botolo la mafuta lili pawindo, ndipo Loweruka lililonse tiyi ndizimwa nditapukusa kakhumi. Ulendo uno sindikuvomera chifukwa mukudwala ayi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu wa zala zakuda,
Agnesi