Chubu cha Pansi pa Bedi

Lachitatu, 8 Januwale

Kuzizira. Kusukulu ndekha, pobwera ndekha.

Ndasuzumiranso pansi pa bedi la achimwene anga a Tijani. Chikwama chija chilipobe. Muli juzi, zipatso za kanjedza, ndi chubu cha tayala chopindapinda. Ntchito yake ndikuidziwa. Anyamata owoloka nyanja mozemba kupita ku Italy amachipopa bwato likayamba kumira. Amayi sakudziwa kanthu. Ine ndinawamva achimwene akuuza mnzawo kuti, "Matimati awa akandifera, muzikandimvera kutsidya."

Loweruka, 11 Januwale

Tsiku lonse m'nyumba ya pulasitiki ya a Tijani, yolimamo matimati. Koma munthu uyu ali ndi mutu! Madzi a chitsime cha mudzi wathu amatuluka pansi ali owira, ndiye amayamba akwera pansanja kuti azizire asanapite ku kanjedza. Makina a pansanjapo akhala akutsokomola chaka chonse, okonza ali kutali. Kutentha konseko kumangothera m'mwamba. A Tijani anayala mapaipi akuda m'mizere ya matimati. Madzi akamadutsamo amasiya moto wake m'nyumbamo, n'kutuluka ozizira. Kunja mano akugundana, m'kati ndinachita kuvula juzi. Matimati mu Januwale, mwezi wachisanu, kuno kumchenga kumene basi imatembenukira!

Vuto ndi limodzi. Munda uliwonse uli ndi tsiku lake la madzi, ife Lachinayi basi. Amadzaza migolo, koma pofika Lolemba yazizira. Pulasitiki nayo sanamalize kulipira.

Lolemba, 13 Januwale

Wailesi yati mawa kugwa chisanu. Mawa ndi tsiku la madzi la amalume a Belgacem, a munda woyandikana ndi wathu. A Tijani anakawapempha kuti madzi awo adzayambe adutsa m'mapaipi athu. Ine kuseri kwa mpanda.

"Iwe mwana wa Zohra, madzi anga akayambe acheza ndi matimati ako, kanjedza wanga azidikira ngati wopempha? Agogo ako anamwalira osabwerekapo tsiku la munthu."

"Amalume, ndikubwereka moto wokha, madzi ndi anu."

Anakana. Mayeso a masamu ndalephera. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 14 Januwale

Makina a pansanja afa lero. Madzi anafika kwa amalume akufuka nthunzi, chonsecho iwo ali ndi timitengo ta kanjedza tobzalidwa chaka chatha. Madzi otere amapsereza mizu. Pochokera kusukulu ndinawapeza pakhomo pa pulasitiki, nkhope gwa.

"Tsegula njoka zakozo. Koma dontho limodzi likatayika, ndikumeta tindevu tako ito."

Tinatsegula. Posakhalitsa paipi ina inang'ambika polumikizira. Madzi kuthovoka, amalume kukuwa, kutchula mpaka agogo athu. A Tijani anandiyang'ana. "Thamanga, pansi pa bedi. Ukuchidziwa, usanamizire."

Kani amadziwa kuti ndimasuzumira.

Ndinabwera nacho chubu chija. Anachitambasula. Kenako mpeni. Anadula malegeni aataliatali, n'kumanga paipi ija mpaka kudontha kunaleka. Amalume anapisa dzanja kotulukira madzi, sanalichotse msanga. Anangoti, "Mwina si iwe chitsiru kwenikweni."

Lachitatu, 15 Januwale

Chisanu chagwadi. Ndiwo za kuseri kwa nyumba zapserera zonse. M'pulasitiki masamba ali biriwiri. Ndinaima pakati pa mizere n'kulira pang'ono. Palibe anandiona.

Lamlungu, 2 Febuluwale

Sindinalembe, ntchito. Minda itatu tsopano ikudutsitsa madzi kwa ife, aliyense pa tsiku lake.

Dzulo a Tijani anakwera lole ndi matimati oyamba kupita ku Gabes, kunyanja, ndipo anatenga chikwama chija. Sanabwere. Amayi ankaimba akusefa ufa, ine chakudya sichinalowe. Lero ndinakhala potembenukira basi kuyambira m'mawa.

Atsika masana. Anandiponyera chikwama. Cholemera. Nditatsegula, machubu atatu. Ndinati basi, ulendo wa kutsidya uja wapsa.

"Ukunjenjemera chiyani, kazitape iwe? Kanole mpeni, tidule malegeni. Amalume akufuna nyumba ya pulasitiki yawoyawo, ati yoposa yathu."

Akundiitana. Mwala wonolera sindikudziwa kumene amayi anauika.