Adula kachingwe ka Esinati

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Halaleko. Kuno kwa Kalembo tonse tadzuka, koma ine mtima ukuwawa.

Lachisanu lapitali ndinauza ana anga a kalasi yoyamba kuti aliyense abwere ndi chinthu chimene amachikonda, adzaonetse anzake. Wina anadza ndi ng'ombe yadongo, wina mwanapiye. Mwana wanu Esinati anaimirira chimanjamanja, kenaka anasolola kachingwe kake ka m'khosi kaja. Anati, "Aka anandimanga amayi asanamwalire."

Mwatsoka tsikulo kunabwera woyendera sukulu wa ku mishoni. Mkuluyo anangoti, "Zachikunja izi!" Anakadula ndi mpeni ana onse akuona, nakakataya m'chimbudzi. Ndinati iyayi bambo, mulibe mankhwala umo, ndi timikanda chabe. Anandiyankha kuti mphunzitsi wamkazi satsutsa. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kulimbana ndi mwana wamasiye!

Chiyambire tsikulo Esinati salankhula m'kalasi, amangodzigwira pakhosi.

Musavutike kutumiza mikanda ya m'sitolo, sadzailandira. Pemphani tchuthi mubwere, mwanayu akufuna bambo ake. Mulungu akusungeni. Mkulu ujayo amukhululukire Mulungu yemweyo, ine zandikanika.

Ndine mlongo wanu,
Elube