Mumubwereke Mervis Dzina Lanu

Bolero, Rumphi
Okutobala, 1990

Okondedwa achimwene a Nikodemo,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga a Kristina ndi ana onse kumeneko ku Milepa. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Mukawaona atanyamula khasu muziwalanda, paja iwo samva za munthu. Ife kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo ndikapanda kukuuzani inu ndilibenso wina womuuza.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Mukudziwa nokha kuti masiku ano kalata imapeza owerenga ambiri isanafike kwa mwini wake. Ndamupatsira Mervis m'manja, ndiye pamene mukuwerengapa mwana wanga ali pakhomo panu. Mumupatse kaye madzi akumwa, mafunso abwere pambuyo. Mukatha kuwerenga muiponye pamoto.

Za kuno n'zochepa. Mvula sinayambe, koma mphepo yotsika kuphiri imandilowa m'mafupa m'mawa uliwonse. Chigayo chili kutali, shuga amasowa m'sitolo, ndipo kumsika ndikangotsegula pakamwa ndi Chinyanja changachi mtengo wa tomato umakwera. Chitumbuka ndikuyesa, koma lilime la munthu wamkulu n'louma. Amayi a kuno amandiseka mwaulemu ndithu, kenaka n'kundithandiza kusenza mtolo.

Kalata yanu yonena za mwana wanu Mathero inatipeza. Tinali titamva kale pa wayilesi tsiku limene ankatchula maina a osankhidwa kupita ku yunivesite. Atangotchula kuti Mathero Makwinja, ndinaimba nthungululu mpaka oyandikana nafe anabwera kudzaona. Mwana ameneyo ndinamubereka kumbuyo ine, ndipo chimwemwe changa chinali chenicheni. Mumuuze zimenezo, asadzaganize kuti azakhali ake ali ndi kaduka.

Koma tinamvetserabe mpaka maina anatha, nyimbo n'kuyamba. Mervis anali atafukata wayilesi pamiyendo. Ananena kuti mwina mabatire afooka ndiye dzina lina latidumpha. Bambo ake anakwera njinga kukafuna nyuzipepa, tinaiwerenga atatu mosinthana. Dzina lake munalibe.

Achimwene, mapointi a Mervis mukuwadziwa, a Mathero mukuwadziwanso. Sindikufuna kuwalemba pano chifukwa zingaoneke ngati ndikuyerekeza ana. Ankawerengera nyali imodzi pakhomo panu, ndipo munkaseka nokha kuti masamu akamuvuta Mathero amathawira kwa msuweni wake.

Bambo a Mervis anapita kukafunsa ku ofesi ya zamaphunziro. Anawakumbutsa kuti tsopano malo a ku yunivesite akugawidwa potsata maboma, boma lililonse gawo lake, ndipo mwana amamuwerengera kwawo kwa bambo ake. Choncho Mervis Chavula ndi wa ku Rumphi. Ku Rumphi ana okhoza bwino ndi ambiri, ndiye gawo lawo linadzadza iye asanafikidwe. Akanawerengedwa kwathu ku Chiradzulu, bwenzi pano tikumugulira sopo ndi bulangeti.

Ndiuzeni inu, Mervis ndi wa ku Rumphi kuyambira liti? Anabadwira ku Nguludi, munapalasa njinga ndinu kudzationa kuchipatala. Mchombo wake amayi anaukwirira kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa mapeyala uja. Bambo ake anabwera kwathu ngati mkamwini aliyense, anamanga pamalo amene munawalozera, analima munda wa amayi, maliro akagwa ankagona nawo pasiwa. Ana a m'mudzi mwathu amene akudziwa kulemba lero, ambiri anadutsa m'manja mwa a Albert Chavula. Chaka chatha pamene boma linati aphunzitsi onse abwerere kuchigawo cha kwawo, tinakweza katundu palole osatsutsa, Mervis n'kutsalira kwa inu kuti amalize Folomu 4. Rumphi wamuona koyamba chaka chino atamaliza mayeso. Chitumbuka chake chimathera pa moni.

Chimene chinandithyola msana n'chakuti kunonso sakumuwerengera. Nkhani itamveka, alongo awo a bambo a Mervis anabwera kudzatipepesa. Pocheza ananena mosabisa kuti kwawo kuno mwana amakhala wa kuchimuna ngati ng'ombe zinaperekedwa, ndiye poti pa ine sipanapite ngakhale mwana wa ng'ombe, Mervis ndi wa kwa amayi ake. Sananene mwachipongwe, anangonena mwambo wawo. Ndipo ng'ombezo munazikana ndinu, achimwene. Munawauza akuchimuna kuti kwathu mkazi sagulidwa, ana a mlongo wanu ndi mbumba yanu. Tsiku limenelo ndinakunyadirani kwambiri. Lero boma likuti mwanayu ndi wa ku Rumphi, a ku Rumphi akuti ndi wa ku Chiradzulu, ndipo iye amangotiyang'ana tonse.

Ndikukumbukira pa Khirisimasi ija pamene munatsutsana ndi alamu anu mpaka tiyi anazizira. Inu munkati kugawa malo potsata maboma n'chilungamo, chifukwa kumpoto sukulu za mishoni zinafika kale, ndipo m'maofesi ndi m'makalasi mwadzadza anthu a kumeneko pamene ana a kwathu akuthera m'minda ya tiyi ndi ya fodya. Munkati mwana woyenda mtunda wautali ndi njala sangathamange mpikisano umodzi ndi mwana wa mphunzitsi. Ine sindinakutsutseni, ndipo ngakhale lero sindikunena kuti munanama. Bambo a Mervis nawonso amavomera kuti mwana wa kudera kopanda sukulu ayenera kupatsidwa mpata. Chimene iwo ankakana n'chakuti mpatawo uchite kulandidwa kwa mwana wina amene sanalakwe kanthu, m'malo momanga makalasi ena. Nonse munkalankhula za ana a anthu osawadziwa. Palibe anaganiza kuti ana ake ndi awiri omwe aja ankatsuka makapu kuseri.

Kuyambira tsiku la wayilesi lija Mervis si yemwe uja. Mtsikana amene ankawerenga ngakhale pepala lokulungira usipa, pano buku saligwira. Amadzuka, kusesa, kutunga madzi, n'kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Kulira salira, ndipo chimenecho n'chimene chikundiopsa. Kwabwera kale bambo wina wa sitolo, wamkulu ngati inu, kudzafunsa ngati mtsikanayu ali ndi mwini. Ndinamubweza ndi mawu amene sindingalembe m'kalata yopita kwa mkulu wa mpingo. Koma ndikudziwa kuti akakhala kuno chaka china, tsiku lina adzavomera wina chifukwa chotopa.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo si la ndalama. Ndikupempha dzina lanu.

Mumutenge Mervis mukamulembetse Folomu 2 pa sukulu ya masana ija ya ana osasankhidwa, osati kufupi ndi kwathu kumene aliyense amamudziwa, koma ku Namadzi, azikakhala kwa achemwali a Gertrude. Mukamulembetse kuti ndi Mervis Makwinja, mwana wanu wobereka, wa ku Chiradzulu. Alembenso mayeso a Folomu 2, adzalembenso a Folomu 4, zonse m'dzina limenelo. Fizi tizitumiza ife. Ndikudziwa kuti zikutanthauza zaka zitatu, ndiponso kuti mtsikana wamkulu akakhala pabenchi limodzi ndi tiana timene akanatha kutiphunzitsa. Setifiketi yake yabwino ija ikhala m'sutikesi mwanga ngati ya munthu womwalira.

Ndikudziwanso chimene ndikukusenzetsani. Inu mumaimirira kutsogolo m'tchalitchi, ndipo zikadzaululika mudzavutika ndinu, mwinanso Mathero. Mukakana sindidzakudani. Koma ndaganiza usana ndi usiku, ndipo sindikuona bodza lake. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ukwati wake umakamba ndiwe, akadwala amathamangira kwa iwe. Ngati mwambo umenewu unali woona pokana ng'ombe, ukhalenso woona lero.

Mwina mukuganiza kuti nzeru imeneyi ndi yanga, ndipo ndachita mobisira alamu anu. Ayi, anaiyamba ndi iwo. Anandiuza tili kumunda, osandiyang'ana, kuti dzina lawo ndi limene latsekera mwana chitseko, ndiye alichotse. Munthu amene uja, amene ankalemba yekha dzina la Mervis pachikuto cha kope lililonse ndi zilembo zake zopendekera zija. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti mwanayo akadzapambana, pa wayilesi padzamveka dzina la Makwinja, ndipo pa tsiku lolandira digiri adzaitanidwa ndinu. Anayankha kuti akudziwa, adzaima kumbuyo pamodzi ndi anthu ongoonerera, ndipo kumeneko adzamva bwinobwino.

Mervis titamuuza anakana. Aka kanali koyamba kumumva akukweza mawu kwa bambo ake. Anati iye sanabe mayeso, sanabe dzina, nanga abisalirenji ngati wakuba. Anafunsa ngati bambo ake atopa naye. Iwo anangotuluka n'kupita kukakhala m'kalasi mopanda ana mpaka dzuwa kupendeka. Patapita masiku, Mervis anabwera yekha kudzandifunsa kuti basi ya ku Limbe imanyamuka tsiku liti. Sananene kuti wavomera, ndipo ine sindinamufunse.

Ndiye musadabwe mukamuona wosasangalala. Musamukakamize kukutchulani bambo pakhomo, zimenezo zikhale za kusukulu. Mathero akabwera pa holide, mumuuze asamamuthawe msuweni wake chifukwa cha manyazi. Iye sanalande malo a munthu, anangolowa pakhomo limene linamutsegukira. Amubweretsereko nkhani za ku Zomba, ngakhale zimupweteke, kuti asaiwale kumene akupita.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwafotokozere pang'onopang'ono, muyambe ndi yakuti mdzukulu wawo wabwera kudzawaona. Moni kwa alamu anga a Kristina, ndikudziwa kuti ndawawonjezera ntchito. Moni kwa achemwali a Gertrude ndi amuna awo, kwa amalume a Vitalis, ndi kwa ana onse. Amayi a m'kwaya muwauze kuti nyimbo zathu ndimaziimbabe ndekha potsuka mbale. Bambo a Mervis akuti moni kwa alamu awo, ndipo akuti mkangano uja munapambana ndinu, sakusunga kanthu kumtima.

Mukamatsitsa katundu wake muona kuti pachivundikiro cha thiranki pali malo opakidwa utoto wakuda. Pamenepo panali dzina lake lonse, lolembedwa ndi bambo ake pamene ankapita ku Folomu 1. Dzulo madzulo anatulutsa thirankiyo panja, anafufuta okha mbali ya Chavula n'kusiya Mervis. Ndinawauza kuti angolemberatu dzina latsopanolo poti dzanja lawo ndi labwino. Anagwira burashi nthawi yaitali, kenaka anati zimenezo zokha sangathe. Kachitini ka utoto woyera ndi burashiyo takulungira m'chitenje, zili m'kati mwa thiranki momwemo. Ngati mwavomera, achimwene, mulembepo ndinu.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Ellina Chavula