Dzina lili kale pagalasi la minibasi, koma agogo ake atchula lina

Aphungu,

Ndine mayi wachitsikana, ndimaluka tsitsi mu saluni ya mnzanga. Mwezi wathawu Mulungu wandipatsa mwana wamwamuna, wachisamba. Ali bwinobwino, akuyamwa ngati pali amene akumulipira. Vuto n'lakuti mpaka lero alibe dzina. Kapena ndinene kuti ali nawo awiri, ndipo mayina awiriwo akufuna kundigwetsera nyumba.

Amuna anga amayendetsa minibasi. Tsiku limene a kuchipatala anatiuza kuti m'mimbamo muli mwamuna, iwo anabwera kunyumba dzina lili kale m'kamwa: Zayden. Akuti analiona pafoni, ndipo ndi dzina loti mwana akadzakula adzalowa nalo mu ofesi iliyonse osaweramitsa mutu. Sanachedwe, anakalimatitsa pagalasi lakumbuyo kwa minibasi, zilembo zikuluzikulu zonyezimira: BAMBO A ZAYDEN. Anzawo a pa siteji anayamba kuwaitana choncho ine ndisanachire n'komwe. Sindinatsutse. Linkandikomera m'khutu, ngakhale tanthauzo lake sindilidziwa.

Apongozi anga aakazi atalimva koyamba anati, "Za yani?" Amuna anga anati, "Zayden, amayi." Iwo n'kuti, "Eya, ndamva, ndiye ndikufunsa kuti za yani?" Tinaseka mpaka nthiti kupweteka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apongozi aamuna anali kalipentala. Chaka chatha anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, pakamwa n'kupotoka. Amakhala pampando umene anakhoma okha, pafupi ndi zenera, kuyang'ana benchi yawo yogwirirapo ntchito imene pano timayanikapo mbale. Mawu amene amatuluka bwino ndi "madzi", "iyayi" ndi "basi". Ndili woyembekezera ndinkapita kukawameta tsitsi ndi ndevu. Ankaloza mimba yanga, kenako n'kudziloza pachifuwa, n'kupukusa mutu. Ndinkamva zimene ankanena, kuti ameneyo sadzamuona. Ine ndinkangoti, "Ayi bambo, mudzamunyamula ndithu," koma mumtima ndinkaopa.

Nditatuluka m'chipatala tinapita naye kumeneko. Apongozi aakazi anaika pilo pamiyendo pa madala, n'kumugoneka mwana padzanja lamanzere limene limagwirabe. Madalawo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako tinamva, "Wa... ndi... peza." Anabwerezanso, momveka bwino ngati munthu amene sanadwalepo: "Wandipeza." Apongozi aakazi anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Anati, "Mwamva nonse? Agogo ake atchula dzina."

Amuna anga anatuluka panja. Tili m'njira yobwerera anati, "Limene lija si dzina, ndi chiganizo. Ukufuna mwana wanga akamadzasewera chibisalirano anzake azidzangokuwa kuti wandipeza, wandipeza?" Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Pali chimene muyenera kudziwa, Aphungu. Amuna anga aliyense amawadziwa ndi dzina la pa siteji. Lawo lenileni sindilemba muno, angandidye wamoyo, koma ndi limodzi mwa mayina a madandaulo aja. Bambo awo anawapatsa pofuna kubaya nalo abale amene ankakangana nawo nthawi imeneyo. Kusukulu aphunzitsi akamaitana mayina, kalasi yonse inkaseka, mpaka masiku ena ankangothawa. Anandiuza kuti, "Bambo ananditenga ine n'kundisandutsa chikwangwani chonyozera abale awo. Mwana wanga sadzasenza nkhani za munthu wina." Amuna angawo amawakonda bambo awo, mankhwala onse amagula ndi iwo, koma akakhala awiriwiri sachezerana. Amangoyang'ana kuzenera onse.

Pano apongozi aakazi akaimba foni amati, "Wandipeza wadzuka bwanji?" Amuna anga amayankha kuti, "Mwalakwitsa nambala, kuno kulibe munthu ameneyo." Kusikelo anamwino akandifunsa dzina ndimati tikuganizabe, amayi anzanga n'kumandiyang'ana ngati mwanayo ndamutola pamsewu. Mnzanga wa ku saluni akuti ndingokalembetsa limene ndikufuna mwakachetechete, amuna anga adzazolowera.

Ndipo zoona zake, limene ndikufuna ndi Wandipeza. Ndikamayamwitsa ndimapezeka ndalinong'ona. Koma ndikaona minibasi ija ikukhota pakona, zilembo zikunyezimira, ndimakumbukira mmene bamboyu anasangalalira, ndiye mtima umandiwawa.

Chimene chandilimbitsa mtima kuti ndilembe n'chakuti dzana masana amuna anga anadutsa kunyumba ine ndili kuseri ndikuyanika matewera. Nditalowa ndinawapeza atanyamula mwana, akumuuza chapansipansi kuti, "Wawapezadi madala, eti? Iwe ndiwe dolo." Atandiona anatsokomola, n'kundipatsa mwana, akuti anangobwera kudzatenga botolo la madzi.

Nditani kuti ndisapweteke aliyense?

E.N., mayi wa mwana wopanda dzina, m'tauni muno


Mayi E.N.,

Mwapulumuka, tathokoza. Tsopano pumani kaye. Nyumba imene anthu akulimbirana kutchula mwana ndi nyumba imene mwanayo akufunidwa. Pa tebulo langa pamafika makalata a amayi amene bambo wa mwana anathawa mimba isanaoneke n'komwe. Vuto lanu ndi la anthu odala.

Komanso si vuto la dzina lamakono ndi dzina lamakolo ngati mmene mukuganizira. Amuna anu akamakana Wandipeza, sakulimbana ndi Chichewa. Akuteteza kamnyamata kaja kamene kankaweramitsa mutu aphunzitsi akamaitana mayina. Ali ndi chifukwa chomveka, musachipeputse. Chimene sanaone, kapena achiona koma manyazi awagwira, n'chakuti mayina awiri amene bambo awo atchula m'moyo mwawo safanana. Loyamba linali muvi. Lachiwirili ndi kuthokoza.

Malangizo a mnzanu wa ku saluni aja asiyeni ku saluni komweko. Mukalembetsa dzina mobisa, mudzapambana tsiku limodzi, koma amuna anu akamadzaitana mwanayo azidzakumbukira kuti munawapita pansi. Mwachita bwino osathamangira kumeneko.

Khalani nawo pansi atadya, atapuma, osati akungotsika pa chiwongolero. Muyambe ndi kuwatsimikizira kuti Zayden sakuchoka, ndipo pagalasi paja palibe amene akukapalapo. Munthu akadziwa kuti sakulandidwa chake, makutu amatseguka. Mukatero muwauze chilungamo, kuti inunso Wandipeza mwalikonda. Musabisale kumbuyo kwa apongozi, ndinu mayi ake, mawu anu ali ndi malo. Mwana kukhala ndi mayina awiri si mlandu. Ndani wa ife amene kuntchito, kwa makolo ake ndi kwa anzake amaitanidwa chimodzimodzi?

Apempheninso afufuze tanthauzo la Zayden pafoni pomwe analipezapo. Sindikunyoza. Tsiku lina mwanayo adzafunsa kuti dzina langa limatanthauza chiyani, ndipo "ndinaliona pafoni" si yankho lokwanira. Za kusekedwa, auzeni mwanthabwala kuti ana sasowa choseka. Ngati agogo ake enieni anamva "za yani", anzake a kusukulu adzalephera? Chimene chimapweteka mwana si nthabwala za pabwalo, koma kudziwa kuti dzina lake linachokera mu mkwiyo. Wanuyu mayina ake onse awiri achokera m'chimwemwe. Ndipo akadzafuna lachidule, Wandi likumveka lamakono mokwanira.

Apongozi aakazi muwapemphe mwaulemu kuti aleke kaye kuliitana pafoni. Mwamuna amene akukankhidwa amaponda buleki. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachikulu n'ichi: tsiku lina amuna anu akapuma, anyamule mwanayo okha kupita naye kwa bambo awo. Inu ndi apongozi aakazi mukapeze chochita kukhitchini, ndipo mukachedwe dala. Madala alibe mawu ambiri, mwana wawonso zikuoneka kuti alibe, koma munthu amene amanong'oneza khanda kuti "wawapezadi" wayenda kale ulendo wautali. Sakufunika kugonjetsedwa. Akungofunika mpata woti avomere popanda omuonerera.

Chenjezo langa lili pawiri. Musachedwe kwambiri, chifukwa apongozi anu ndi wodwala, ndipo n'kofunika kuti amve dzinalo likutuluka m'kamwa mwa mwana wawo makutu akadali omva. Koma musamusenzetsenso khandayo ntchito yoyanjanitsa akuluakulu. Ngati amuna anu atapempha nthawi, apatseni. Bala la ubwana wawo ndi la amuna awiri aja, alipoletse okha. Mwanayu sanabwere kudzakhala mkhalapakati wa aliyense, wabwera kudzakula.

Aphungu